Tsiku Lomwe Machubu a Agogo Anasanduka Paipi

Agogo Namfukwe akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundifika ndi fungo: fungo lowawasa la makoko a khofi akuwola kuseri kwa nyumba, losakanikirana ndi la pulasitiki wakuda wotenthedwa ndi dzuwa, ndi la dothi lonyowa lomwe tinkakatapa kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Anali mayi a bambo anga, ndipo ndinakulira m'manja mwawo ku Misuku makolo anga atapita kukagwira ntchito ku Mzuzu. Kumunsi kwa nyumba yathu kunali nazale ya khofi, chisakasa chachitali chofoleredwa ndi udzu wapatalipatali, ndipo m'mawa uliwonse nkhungu isanachoke m'mapiri ndinkadzutsidwa ndi phokoso la keni yothirira ikugunda mwala wa pakasupe, ndi mawu a agogo akulankhula ndi mbande ngati akulankhula ndi ana a Sande sukulu.

Sukulu sanapiteko ngakhale tsiku limodzi, koma sindinaonepo munthu wa mafunso ngati iwo. Wayilesi yathu anaitsegulapo kumbuyo kawiri kuti aone pomwe mawu amakhala, ndipo kachiwiriko sinalankhulenso. Mlangizi wa zaulimi ankafika kwathu pomalizira penipeni, podziwa kuti akakhala pampando sadzuka msanga. Chilichonse chachilendo ankachinunkhiza, kuchipinda, nthawi zina kuchiluma kumene, kenako n'kufunsa m'Chitumbuka kuti n'chiyani, "Nchivichi ichi?" Kunyumba tinkalankhula Chisukwa. Chichewa chawo chinali chotola pawayilesi, chodumphadumpha, koma sankachita nacho manyazi.

Chaka chomwe ndinali Sitandade 6, khofi anamera bwino kuposa kale lonse. Pofika mu Okutobala mbande zinali zitatambasula timasamba tiwiri toyamba tija tokhala ngati mapiko a gulugufe, nthawi yoti zichoke pabedi zilowe m'machubu a pulasitiki othiramo dothi. Koma machubu kunalibe. Omwe anabwera kugolosale anali ochepa, okwera mtengo, ndipo analimbiranidwa tsiku limodzi. Mbande ya khofi ikachedwa pabedi muzu wake umatalika, ndipo pozula umaduka kapena kupindika. Mtengo wotero umakula, koma sudzakusangalatsa. Nazaleyo sinali ya agogo okha. Inali ya amayi asanu ndi atatu a m'mudzi mwathu, ndipo agogo ndiwo ankaiyang'anira.

Wina anawauza kuti kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Tanzania, amagulitsa pulasitiki wa machubu ali mpukutu wosadula, munthu n'kumadzadulira yekha kunyumba. Amayi aja anasonkherana, agogo n'kumanga ndalamazo pamfundo ya chitenje, ndipo Lachisanu lina anandijombetsa kusukulu. "Tusekile, lero tikupita tonse. Iwe ndiwe maso anga a Chizungu."

Tinatsika mapiri pagalimoto ya nthochi, tinakwera minibasi mpaka pa Boma, kenako njinga zamoto mpaka pamlatho. Kutsidyako agogo anakhala m'sitolo ya bambo wina wa Chiswahili pafupifupi ola lathunthu, akuluma m'mphepete mwa mpukutu uliwonse. "Bei gani?" ankafunsa mtengo m'Chiswahili, mwini sitolo n'kumawaseka kuti pulasitiki si chakudya, "Mama, nailoni si chakula!" Pamapeto pake tinatuluka ndi mpukutu wakuda wonenepa ngati thunthu la nthochi, wolemera moti mnyamata wa njinga yamoto anadandaula poumangirira.

Mnyamatayo ndiye anatipatsa nzeru ina. Anati amadziwa njira ya kumunsi kwa mtsinje komwe madzi amalekeza m'maondo, kopanda wofunsa kanthu. Ndinkayembekezera kuti agogo amudzudzula, koma anangoyang'ana nyumba yoyera ya pachipata cha m'malire, yokhala ndi mbendera pakhomo, nati, "Yayi. Zaka zonsezi ndimangomva kuti kasitomu, kasitomu. Lero ndikufuna ndikaone chomwe amachita m'nyumba ija."

M'nyumbamo munali kutentha, kukununkha fumbi ndi inki, ndipo chokupizira mphepo cha kudenga chinkazungulira mwaulesi ngati chikufuna kugona. Kuseri kwa kauntala kunali bambo wamtali wa magalasi, pachifuwa palembedwa dzina loti Makwinja. Kalankhulidwe kawo kanali ka kum'mwera, koma anayesetsa. "Monire amama. Muli uli?"

"Nili makora, adada," anatero agogo, atakondwa.

A Makwinja anayang'ana risiti ya kusitolo, anang'amba pang'ono pepala lokulunga mpukutuwo, nasuzumira. Kenako anatulutsa m'dirowa kachitsulo kokhala ngati kamwa ya nkhanu, n'kupanira m'mphepete mwa pulasitikiyo. Anati akuyeza kuchindikala, poti mapulasitiki opyapyala analetsedwa. Wathuwo anakhoza mayeso. Anadinadina pakompyuta, natiuza kuti awa ndi matumba a pulasitiki, ndipo anatchula msonkho wake.

Ndinaona dzanja la agogo likufufuza mfundo ya chitenje. Ndinkadziwa zomwe zinatsalamo, ndipo sizinkafika. A Makwinja anafotokoza modekha kuti katunduyo atha kutsala m'chipinda chosungira mpaka titapeza ndalama. Ndinaganiza za ulendo wonse uja, za mbande zikutalika mizu pabedi, za nkhope za amayi asanu ndi awiri omwe adzatichingamire tili chimanjamanja. Ndinayamba kulengeza misozi.

Agogo sanalire, sanapemphe kuti awachitire chifundo, sanatchule za ukalamba wawo. Anatsamira zigongono pakauntala nafunsa, "Adada, mtengo umenewu mwautenga kuti? Mwauganiza nokha m'mutu?"

"Ayi amama, uli m'buku. Chinthu chilichonse cholowa m'dziko chili ndi dzina lake ndi nambala yake, ndipo nambala iliyonse ili ndi msonkho wake."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

"Singano? Mbuzi?"

"Zonse zilimo."

Maso a agogo anawala ngati a mwana woona ndege koyamba. "Ndionetseni bukulo."

Pambuyo pathu panalibe mzere, kupatula dalaivala wina wa lole yemwe ankawodzera pabenchi. A Makwinja anazengereza pang'ono, kenako anatsitsa pashelefu buku lonenepa kuposa Baibulo la paguwa, la masamba othimbirira m'makona, natsegula gawo la mapulasitiki. Agogo anandikankhira kutsogolo. Ndinawerenga Chizungucho, chala cha a Makwinja chikunditsogolera, ndipo ndinamasulira momwe ndikanathera: matumba ndi majumbo onyamulira kapena kulongedzera katundu.

"Thumba," anatero agogo. "Mwana wane, tandiuzani. Thumba ndi chinthu chotani?"

"Ndi choikamo zinthu, amama."

Agogo anamasula mpukutuwo, anakoka pulasitiki wotalika ngati mkono, nanyowetsa zala ndi malovu n'kutsegula kukamwa kwake. Anapempha lumo, nadula. Kenako anatulutsa mtedza m'kathumba komwe tinatenga ngati kamba wa panjira, anakweza pulasitikiyo m'mwamba n'kuponyamo njere zitatu za mtedzawo. Zonse zinatulukira kunsi, n'kugubuduzika pasimenti mpaka kumapazi a dalaivala uja.

"Thumba lanu lilibe matako," anatero agogo.

Dalaivala anadzuka ndi phwete. A Makwinja anavula magalasi, naseka mpaka kupukuta m'maso. Koma atawavalanso nkhope yawo inali itasintha. Sinalinso nkhope ya munthu wofuna kuti tichoke. Inali ya munthu yemwe wapatsidwa chinthu choti aganize pa tsiku lotopetsa. Anati mipukutu yambiri yomwe imadutsa pamenepo imakhala ya majumbo omata kunsi, ongothothola, ndipo anayesa wathu ndi wotero. "Mwanena zoona, si thumba ili. Ndiye mwina ndi pepala la pulasitiki, ngati lofolera nyumba lija." Anatembenuza masamba kubwerera m'mbuyo, nandiwerengetsa pena.

"Pepala lili ndi nkhope ndi msana basi," anatero agogo nditawamasulira. "Ili lili ndi mimba." Analowetsa zala zinayi m'kati mwa chidutswa chija n'kuzigwedeza.

Apa ndinawakoka chitenje. Sindinkadziwa ngati msonkho wa pepala unali wotsika kapena wokwera, koma ndinkaopa kuti akukana mwayi. Anandichotsa dzanja osandiyang'ana n'komwe. Panthawi imeneyo ndikukhulupirira kuti anali ataiwala za ndalama. Ankangofuna kudziwa dzina lenileni la chinthu chomwe anagula.

A Makwinja anabwerera kumayambiriro kwa gawolo, komwe kunali timalemba ting'onoting'ono tofotokoza matanthauzo a mawu. Anawerenga chamumtima milomo ikugwedera, kenako anagogoda tsambalo ndi chala. "Nachi. Pulasitiki wobowoka m'kati kuchokera uku mpaka uko, ngakhale akhale wophwatalala chonchi, bukuli limamuika pamodzi ndi mapaipi."

"Paipi?" Agogo anabwerera m'mbuyo. "Ngati ya madzi ya kumpopi?"

"Banja lake ndi lomwelo."

"Ndiye ndikadadula mbali imodzi kutsidya kuja?"

"Likadakhala pepala."

"Ndikadamata kunsi ndi moto?"

"Likadakhala thumba."

"Pulasitiki yemweyu?"

"Yemweyu, amama. Mayina atatu, manambala atatu."

Agogo anawomba m'manja kamodzi, napukusa mutu, akuseka chapansipansi. Anafunsa chifukwa chake boma limalipiritsa mosiyana, ndipo a Makwinja anati kawirikawiri chinthu chomalizidwa kale kunja chimalipira kwambiri kusiyana ndi chomwe munthu akachigwirirepo ntchito kuno, kuti ntchitoyo itsalire anthu a m'dziko muno. "Ndiye lumo langa ndi fakitale," anatero agogo, ndipo a Makwinja anavomera kuti tingatero.

Atadinanso pakompyuta, msonkho unatsika. Sunathe, ndipo sunatsike mpaka kutisangalatsa. Unadya pafupifupi zonse za pamfundo paja, kuphatikizapo zomwe tinasungira galimoto yokwera mapiri. Koma ndalamazo zinakwanira. Akulemba risiti, agogo anabwereka kachitsulo koyezera kaja. Anayeza chitenje chawo, tsamba la bukulo, khoko la mtedza, ndi tsitsi limodzi lomwe anandizula osandichenjeza, uku akufunsa kuti chachindikala kwambiri n'chiti. Potsazikana anati, "Tawonga chomene, adada. Mwandiphunzitsa." A Makwinja anayankha kuti, "Yewo amama, koma sindikudziwa kuti waphunzitsa mnzake ndani."

Dalaivala wa lole uja anatitenga ulele mpaka pa Boma, akubwereza nkhani ya thumba lopanda matako njira yonse. Tinagona kwa azakhali anga, omwe anatilipirira ulendo wa mawa lake.

Sabata yotsatirayo pakhomo pathu panali ngati pa chinkhoswe. Amayi anakhala mozungulira pansi pa mtengo wa mapeyala, wina akukoka mpukutu, wina akuyeza ndi kamtengo komwe agogo anadula kuti machubu afanane, wina akudula, enafe tikuthira dothi losefa n'kumalitsendera kunsi ndi chibakera kuti lisagwe. Manja ankada bii, misana inkawawa, malumo ankalira tsiku lonse. Aliyense wodutsa pamsewu agogo ankamuitana n'kumufunsa kuti chomwe agwiracho n'chiyani. Akati chubu, ankati, "Kwa ife. Koma ku boma ndi paipi." Mbande za kumapeto kwa bedi zinali zitatalika kale mizu ndipo tinazitaya, zodzaza lichero. Zina zonse zinagwira.

Papita zaka. Agogo anadwala nthawi yaitali chaka chathachi, ndipo ndinapempha tchuthi kusukulu komwe ndimaphunzitsa kuti ndikawaone. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde masana, ataonda kwambiri, akuyang'ana munda wa khofi wa kumunsi. Pofuna kuwasangalatsa ndinawauza chinthu chomwe ndinadzachidziwa nditakula: kuti manambala a m'buku lija si a Malawi yekha, kuti mayiko ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito omwewo. Anatsinzina moti ndinayesa agona. Kenako anatsegula maso.

"Nanga khofi wanga, akafika kwa azungu, amamutcha nambala yanji?"

Ndinafufuza pafoni, ndikuyendayenda pabwalo kusaka netiweki. "Ziro, naini, ziro, wani, agogo. Ali m'gawo lachisanu ndi chinayi."

"Pulasitiki uja anali gawo lanji?"

"La makumi atatu ndi asanu ndi anayi."

Anamwetulira, mano awo ochepa aja akuoneka. "Enya. Ndiye khofi ali kutsogolo. Wolemba bukulo anali ndi nzeru." Anapuma pang'ono, kenako anandigwira dzanja. "Tsopano tayang'ana nthochi."

Tinayang'ana nthochi, nyemba, uchi, mchere, mpaka batire la foni linatha. Anamwalira patapita milungu itatu.

Lero m'kalasi mwanga muli ana makumi asanu ndi atatu, ndipo pali kamtsikana kena kokhala kumbuyo komwe sikalola phunziro kudutsa osakweza mkono. Aphunzitsi anzanga amati n'kovuta. Masiku ena nanenso ndimatopa, choko chili m'manja, nthawi ikutha, silabasi ili kutali. Koma kakafunsa kuti, "Madamu, mwazitenga kuti zimenezo?" ndimaika choko pansi, n'kukauza kuti kabwere kutsogolo tidzatsegule buku tione limodzi.