Nkoloko ya m'ndeke ndi chifuwa cha mwana wanga

Amuna anga ankasesa m'mashedi a ndeke za nkhondo. Ndeke zitayamba kungokhala pansi posowa zitsulo, ntchito yawo inatha. Chimene anabwera nacho kwathu ku komboni ya Kalikiliki ndi kankoloko kakuda kamene makanika wina anawapatsa, kochoka m'ndeke yophwasulidwa kale.

Sikanali ka m'nyumba. Kanalibe miyendo, tinkangokatsamiritsa pa njerwa. Batire sikankafuna, kungokapukusa kamodzi pa mlungu. Pakona panali kabatani. Amuna anga anati woyendetsa ndeke amakadina ponyamuka, kamuvi kakatali n'kuyamba kuthamanga, kuti adziwe mphindi zimene watha m'mwamba mafuta asanamuthere.

M'nyengo yozizira mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri anayamba kutsokomola. Ku kiliniki ya ku Mtendere ba sisita anamumvetsera pamsana.

"Amai, mankhwala kulibe. Muli na nkoloko ku nyumba? Muzimupenda kupuma akakhala zii, osati polira. Chifuwa chikakwera, ni imozi. Akapitilira fifite pa mineti, mubwele mothamanga."

Sukulu ndinalekera giredi sikisi, koma kuwerenga ndimatha. Ndinkamugoneka pamiyendo, kumuvula kajuzi, kudina kabatani, diso lina pamuvi, lina pachifuwa. Fote-thuu. Fote-sikisi. Nthawi zina ankalira ndili pakati, n'kuyambiranso. Mayi wa nyumba yoyandikana anandipeza ndikutero pakhonde.

"Ba neba, mufuna kumuulusa mwana? Mupaseni chabe manzi ya mandimu."

Ine ndinapitiriza kuwerenga, ndinali pa sate-naini.

Tsiku lachinayi unga unatha. Amuna anga anali atapeza dalaivala wa minibasi ku Kaunda Square amene ankafuna kugula nkolokoyo kuti aikhomere m'galimoto mwake. Anaikulunga m'nyuzipepala.

"Amake mwana, nkoloko sitingadye."

"Lekani nipende kamozi chabe."

Anaima pakhomo, ine n'kudina. Kamuvi katazungulira ndinali pa sikisite-fili. Ndinati mwina ndalakwitsa. Ndinabwereza, sikisite-sikisi. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati, timphuno tikutukuka, bere akulikana.

Minibasi sitinadikire. Ndinamubereka, tinathamanga kudutsa mumsika, amuna anga kumbuyo ndi nkoloko m'manja. Ku kiliniki mzere unali utafika kumpanda. Ndine munthu wodikira, pa mzere wa unga ndinkaima kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu osadandaula. Tsikulo ndinapyola onse, amayi akunditukwana.

Ba sisita anatenga nkoloko, anadina okha, milomo ikuyenda. Kenako analemba kapepala ka mankhwala obaya.

"Ni chibayo. Nyeleti izi mukagule ku kemisiti mu tauni, ise tizamulasa. Lelo, ba tate, osati mailo."

Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkoloko.

"Pelekani kwa dalaivala uja," ndinatero.

Anabwera madzulo ndi timabotolo m'thumba la jekete, opanda unga.

Masiku otsatira ndiwo anandiwawa koposa. Mwana ankabayidwa mmawa uliwonse, koma ndinalibe chondiuza ngati kupuma kukutsika kapena kukukwera. Ndinkaika dzanja pachifuwa, kuwerenga, kufika fifite, osadziwa ngati mineti yatha kapena ayi. Ndinayenda nyumba zisanu ndi imodzi kufunsa nkoloko ya kamuvi kothamanga. Ena anali atagulitsa, ena zawo zinaima kalekale.

Lachisanu ndikuchokera ku kiliniki, ndinamva mwana akufunafuna ndi kamwa pamsana panga. Ndinakhala pansi pomwepo pambali pa ngalande, ndinamutembenuza. Anagwira bere, anayamwa mpaka thukuta pamphumi.