Shuga wa Pamfundo ya Mpango

Kwa Mlolo kuli madala ena okonza njinga amene sayamikira tiyi wa munthu aliyense. Akalawa amapukusa mutu n'kunena kuti, "Awa ndi madzi otsukira kapu." Poti shuga akusowa m'masitolo zaka zino, wolowa m'tiyirumu amabwera ndi wake. Madalawa amamanga wawo pamfundo ya mpango, ndipo ngakhale mdzukulu saikhudza.

Tsiku lina akupita ku Chipata, basi inachedwa pa Chadiza. Analowa m'tiyirumu namasula mfundo ija mosamala ngati akumasula bala. Pabenchi pomwepo panali mayi wochokera kuchipatala, akunyengerera mwana wowonda amene ankakana tiyi wopanda shuga.

"Imwako, Elinati, ulendo ngwautali," anachonderera mayiyo.

Madala anayang'ana shuga wawo, nayang'ananso mwanayo. Kenaka anakhuthulira yense m'kapu ya mwana.

"Agogo, nanga inu?" anadabwa mayi uja.

"Ine shuga amandipweteka mano, mama," anayankha madala, chonsecho m'kamwa munatsala usinini wokha.

Mwana anagugudiza mpaka kunyambita milomo, madala akumwa wawo wowawa pang'onopang'ono. Mpaka lero ukawafunsa kumene apaulendo angapeze tiyi weniweni, amati pa Chadiza.