Chigongono cha a Renzo

Viza itatuluka ndinangowauza abambo kuti ndikupita ku Mangalande, osawafunsa n'komwe maganizo awo. Ankapalasa kabaza pa Balaka, ndipo njinga imeneyo ndi yomwe inandiphunzitsa mpaka kukhala namwino. Koma ine ntchito yawoyo inkandichititsa manyazi. Anandiperekeza kudepoti atamanga chikwama changa pakaliyala, ine ndikuyenda patsogolo ngati sindikuwadziwa.

Ku Wakefield ndinapeza ntchito panyumba yosamalira okalamba. Moyo wake unali wa basi ya m'mamawa, kuzizira, ndi kachipinda kopanda wondilonjera. Mwa anthu omwe ndinkawasambitsa munali a Renzo, nkhalamba ya ku Italy yomwe inatsatira mwana wake kuno. Pa unyamata wawo ankalipidwa kuti azipikisana pa njinga. Ndinawafunsa kuti anapambana kangati.

“Ngakhale kamodzi,” anatero. “Ntchito yanga inali kubwerera m'mbuyo kukatenga mabotolo a madzi, kudzapatsa katswiri wa timu yathu, kenako kumutchingira mphepo. Pofika kumapeto ndinkakhala nditatheratu.”

Pakhoma la chipinda chawo panali chithunzi cha m'nyuzipepala, katswiriyo atakweza manja. M'mphepete munkaoneka chigongono cha munthu wina. “Ichi n'changa,” ankatero akuloza. Ankati ngakhale kwawo komwe dzina lawo linaiwalika kalekale. Atandifunsa ntchito ya abambo anga, ndinati ndi dalaivala.

Chaka chachitatu abambo anayamba kudwala. Pafoni mawu awo ankamveka otsika. “Tiya, zomwe ukutumiza tikulandira, koma nkhope yako ndayamba kuyiyiwala.” Ine n'kumati ndibwera Disembala, pano antchito achepa. Zoona zake n'zoti ndinkaopa kuti abwana akakwiya, viza yanga ithera pomwepo. M'mawa uliwonse ndinkamwetsa madzi bambo wa eni ake, anga akufota pamphasa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Disembalayo abambo sanamuone.

Maliro anandidikira masiku anayi. Akabaza anzawo anatsogolera bokosi akukankha njinga, mabelu akulira msewu wonse. Koma kumanda anthu ankalozerana ine: “Nesi wa ku Mangalande uja ndi ameneyo, watukula banja.” Mawu amenewo anandilasa mtima, ndipo mpaka lero sindinadzikhululukire.

Titabwerera kunyumba, amayi anati tikulitse chithunzi cha malemu. “Chithunzi chabwino tilibetu, mwanawe. Kapena chija cha tsiku lomwe unamaliza maphunziro?”

Ndinachitsitsa pakhoma. Ndili pakati, ndavala mkanjo, mano onse panja. Ndinakumbukira kuti tsikulo abambo anafika ali thukuta lokhalokha, mwendo wa buluku atamanga ndi mphira kuopa tcheni, ndipo ndinawauza kuti asunthe pang'ono. Anasunthadi, osatsutsa. M'mphepete mwa chithunzicho mukuoneka dzanja lawo lokha, litagwira handulo ya njinga.