Tayi, Chambo ndi Bodza Langa kwa a Juma

Akazi anga atamwalira, mwana wanga wamkazi anandiitana kuti ndikakhale naye ku Mangalande, kumudzi kwa alimi a nkhosa kumene amagwira ntchito ya unamwino. Ndinavomera. Koma a Juma, mnzanga yekhayo wosewera naye bawo kwathu ku Nkhunga, sindinawauze. Ndinkaopa nkhope yawo.

Tsiku lina anandipeza pa Dwangwa nditavala tayi, ndikuchokera kojambulitsa chithunzi cha pasipoti.

"Achimwene, tayi dzuwa lonseli?" anafunsa.

"N'chithunzi cha khadi la kuchipatala," ndinatero, thukuta lili kamukamu.

Anada nkhawa kuti ndikudwala. Sabata yonse ankandibweretsera chambo chowotcha, ine n'kumadya, kwinaku ndikutsokomolako pang'ono kuti bodza likhwime.

Zoona anakazimva kwa munthu amene anagula mbuzi zanga. Anabwera m'mawa, koma anakana kukhala pansi.

"Mukanangonena," anatero. "Bwenzi nditayamba kale kuzolowera."

Ndinangozyolika ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Kwatsala milungu itatu kuti ndinyamuke. Masana aliwonse ndimatulutsa mipando iwiri pakhonde, koma zopita kwawo kukapepesa miyendo ikukanabe.