Tsempho la Mwana wa Dailesi

Dailesi ndinamudziwa akugulitsa nthochi pa depoti ya Limbe. Anali mkazi wapakamwa, moti ngakhale oitanira minibasi ankamuopa. Tinkakhala nyumba zoyandikana ku Mbayani.

Atabereka mwana wake Tawonga, pakamwa paja panatsekeka. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana khoma, mbaula ili zii mpaka dzuwa kulowa. Ukamufunsa ankangoti, "Mutu ukundilemera, anzanga." Anthu ankati ndi ulesi, ngati kuti ulesi umaliza munthu misozi popanda womumenya.

Mwamuna wake Davie ankanyamula katundu m'mashopu a ku Limbe. Asananyamuke m'mawa ankaphika phala lansinjiro n'kumudyetsa mwana yekha, madzulo chimodzimodzi. Masana onse Tawonga ankangoyamwa chala. Atasiya bere, mapazi ndi masaya zinayamba kutupa, tsitsi likufiira.

Azakhali a Dailesi anabwera kuchokera ku Nsanje. Anadina phazi la mwana, chala n'kusiya dzenje.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Mwana akatupa chonchi ndiye kuti bambo ake akuyendayenda ndi akazi."

Davie anagwada. "Azakhali, mwanayu ndi njala. Mkazi wanga akudwala maganizo. Tipite nawo kuchipatala onse awiri."

"Maganizo akewo ndi inuyo! Dailesi, lankhula. Ndikunama?"

Dailesi uja woopedwa pa depoti anangoyang'ana khoma. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mawu amodzi okha akanakwana.

Azakhali analamula kuti Davie akagone kwina mpaka mankhwala achikuda agwire ntchito. Ndinakalipa, koma anandifunsa ngati ndine wachibale. Anamusambitsa mwana mizu, kenako anabwerera kumunda kwawo ali okhutira kuti akonza banja.

M'mawa mwake Davie anandiimitsa panjira, maso ali psuu, n'kundipatsira kajumbo ka ufa ndi nsinjiro.

"Musathire madzi ambiri, mayi. Amakonda lolimbako."

Ndinaphika monga ananenera, ndinakhala pakhonde pambali pa Dailesi, mwana ndili naye pamiyendo. Ndinauzira supuni, ndinanyengerera, ndinaimba ndi kanyimbo komwe. Tawonga analuma mano, maso ali kuchipata kumene bambo ake ankatulukira.

Phala linazizira m'mbale. Kenako Dailesi analankhula, osatembenuka.

"Musavutike. Amadya kwa adadi ake okha."