Nyemba yanga ndi ulusi wa m'khosi

Ndinayamba kudandaula pa Lamulungu la Kanjedza chaka chino, Misa itangotha, pansi pa mkungudza wa kuseri kwa tchalitchi chathu. Ndinadandaulanso pa Pasaka, kenako ndinalemba papepala, ndipo kope lake lili m'bokosi langa lachitsulo pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi mapepala ena onse a moyo wanga. Nkhani yake ndi iyi: gulu la oluka la pa tchalitchi pathu likukonzeka kusankha kalukidwe ndi ulusi wa makamizola amene onse alukire limodzi chisanu cha Juni chisanafike, koma ine andikaniza kusankha nawo chifukwa ndine mwamuna. Wondikanizayo ndi Anachisale, mkulu wa gululo. Popeza iwo akuti sakukumbukira kanthu, ndilemba zimene ndikukumbukira ine, kuti anzanga a msinkhu wanga aweruze.

Ndikukumbukira m'mawa wa ku Fonte Boa ndili ndi zaka ngati khumi. Udzu unkayera ndi chisanu, mpweya n'kumatuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo pofika ku sukulu zala zinkakana kupinda. Amayi ankandiponyera kachewere wootcha m'thumba la kabudula kuti ndizifunditsa manja m'njira, koma njala inkapambana chisanu, ndipo ndinkamudya tisanawoloke mtsinje. Malaya ndinali nawo amodzi. Kamizola, imene anzathu a ku Dedza amati juzi, tinkangoiona pathupi pa aphunzitsi.

Lachinayi masana anyamata tinkalima m'dimba la sukulu, atsikana n'kupita kukaphunzira ntchito zamanja kwa asisitere a ku Ulaya amene tinkangowatchula kuti Irima. Chaka chimenecho ndinadzitema ndi khasu pachala chachikulu cha kuphazi, ndipo posowa pondiika, aphunzitsi anandikhazika pakhonde la Irima pakati pa atsikana. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, maso pansi. Manyaziwo anatha Irima atatulutsa thumba la makamizola akale odyedwa ndi njenjete, n'kunena kuti tiwamasule, ulusiwo tilukire atsopano, aliyense yake.

Kumasula kunali kokoma. Ukapeza nsonga n'kukoka, ulusi unkathamanga wokha, dzanja lonse la kamizola n'kusungunuka uli kuona. Unkatuluka wopiringizika, wonunkha mankhwala a njenjete, ndipo tinkauviika m'madzi, kuuyanika pampanda, n'kuukulunga m'mipira. Wochuluka unali wotuwa ngati phulusa. Woyera unali wochepa, wofiira n'kampira kamodzi kosadzaza dzanja. Singano zenizeni anali nazo Irima okha. Ife tinkalukira masipoko a njinga yakufa ya akatekisiti, amene tinawanola pamwala wa pakhomo.

Irima ankaluka monga amalukira kwawo. Ulusi unkachoka pampira, kudzera m'dzanja lamanja, kuzungulira kuseri kwa khosi, n'kutsikira pasingano, ndipo chala chachikulu cha kumanzere ndicho chinkaukankha. Sitinkadziwa kuti padziko pali kalukidwe kena. Tonse tinakoleka ulusi m'khosi. Apo ndi pamene Rozaria, mtsikana wamtali wapakamwa pakuthwa, amene lero ndi Anachisale omwewa, anandiyang'ana n'kugwedeza mnzake ndi chigongono.

"Taonani, mbuzi ya kwa a Jere yamangidwa. Fabiano, talira tikumve."

Ine ndinali mbusa wa mbuzi, kulira kwake ndinkakudziwa. Ndinalira ngati tonde amene wakola mwendo m'chingwe, ndipo khonde lonse linagwa ndi phwete. Irima anachita kuvula magalasi kuti apukute misozi.

Titadziwa kuluka timizere towongoka, Irima anati tonse tiluke kalukidwe kamodzi, kuti wosokera aziyang'ana kwa mnzake. Anatipatsa tsamba long'ambidwa m'magazini ya kwawo kuti tisankhepo. Tsambalo ndili nalo mpaka pano, ndipo wofuna kuliona abwere m'manja muli mosamba. Panali makamizola a nyama zanyanga ngati nthambi, ndi ena a nyenyezi zoyera pachifuwa. Rozaria anaika chala pa nyenyezizo osachichotsanso. Irima anafotokoza kuti si nyenyezi ayi, ndi chisanu chimene kwawo chimagwa kuchokera kumwamba ngati ufa. Ine ndinafunsa ngati chisanu chathu chatichepera kuti tivalenso china pachifuwa. Rozaria anandiuza kuti mbuzi siifunsidwa.

Pakona ya tsambalo panali kachithunzi kakang'ono kamene aliyense anakalumpha: kamizola ya mtundu umodzi, ya mizere yotsika, ndipo pamzere uliwonse panali timabunthu tozungulira. Ndinati uwu ndi munda wa kachewere tsiku lokumba. Atsikana ena anawerama kuti aone, naseka, ndipo dzinalo linakanirira pomwepo. Ena anaonanso zimene ndinaona ine, kuti ulusi woyera sukanakwanira nyenyezi za tonse, pamene kachewere ankangofuna wotuwa uja, umene unalipo wambiri.

Mkangano utakula, Irima anabweretsa mbale ziwiri zachitsulo, ina ya nyenyezi, ina ya kachewere, n'kupatsa aliyense nyemba imodzi. Ananeneratu kuti woponya nyemba ndiye alandire ulusi, chifukwa wosankha ndi amene walonjeza kumaliza. Atsikana anaponya mmodzimmodzi. Irima atawerenga, mbale zinafanana. Nyemba yanga inali ikadali m'manja, chifukwa Rozaria anali atandigwira pamkono.

"Irima, nyemba ya mnyamata siwerengedwa," anatero. "Chala chikapola abwerera kukhasu ameneyu."

Ndinkadziwa kuti nyembayo ikakanidwa ndiye kuti ulusi sindilandira, ndipo Juni wina andipezanso m'malaya amodzi omwe aja. Nyembayo inanyowa ndi thukuta m'chikhato. Irima anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anatambasula dzanja n'kukoka pang'ono ulusi umene unali m'khosi mwanga, monga muja umayesera chingwe ngati chagwira. Chinyanja chawo chinali chopotoka, koma tsiku limenelo anachiwongola.

"Amene ali ndi ulusi m'khosi, ali ndi nyemba."

Rozaria anataya mkono wanga. Nyemba inagwera m'mbale ya kachewere, ndipo kulira kwake pachitsulo ndimakumvabe.

Rozaria anatupa masaya mpaka Lachinayi linalo, kenako n'kupezeka kuti woluka kachewere wokongola kuposa tonse ndi iyeyo. Timabunthu take tinali tofanana ngati tosankhidwira mbewu. Wanga anali kachewere wa chaka cha chilala, wina wamkulu, wina kanjere chabe, pena mzere wopanda kanthu. Chala chitapola Irima anakandipemphera kwa aphunzitsi kuti ndimalize, ndipo tinaluka mpaka chimanga chitauma m'minda, masipoko akulira ngati nkhuku zikutola mapira pambale, wina akuyamba nyimbo, wina akulira kuti maso a ulusi apulumuka pasipoko. Ndi Rozaria amene anaganiza kuti kampira kofiira kaja tigawane, aliyense kamzere kamodzi m'khosi mwa kamizola. Khosi la yanga linakana kulowa mutu, ndipo anandilanda, kulimasula, n'kundilukiranso, uku akudandaula kuti mbuzi ya mutu wotere sanaionepo.

Tinavala tonse Lamulungu limodzi. Tinatsika njira ya ku tchalitchi titandondozana, otuwa ngati gulu la nkhanga, anthu akupatuka kuti atione. Abambo anga, amene miyezi yonseyo sanalankhulepo za kuluka kwanga, anatsina kabunthu kamodzi pachifuwa panga n'kufunsa kuti ameneyu tikumba liti. Mawa lake anandipatsa masipoko awiri atsopano. M'mawa umenewo ndinafika ku sukulu zala zikupinda.

Zambiri zasintha. Nkhondo inatibalalitsa, Irima anabwerera kwawo, ndipo Anachisale anakhalitsa ku Dedza, kumene anaphunzira kuluka ngati amayi a kumeneko, ulusi m'dzanja lamanja, khosi lili mbee. Atabwerako anaphunzitsa gulu lonse choncho. Lero ulusi amakagula mumsika ku Ulongwe, mitundu yoti sungaitchule maina, ndipo kalukidwe amakayang'ana pafoni ya mdzukulu. Zimenezo sindikutsutsana nazo. Ine ndalukira ana anga, adzukulu anga ndi malemu akazi anga, nthawi zonse ulusi uli m'khosi, ndipo palibe amene anabweza kamizola yanga kuti ndi yachimuna.

Pa Lamulungu la Kanjedza lija ndinavala dala kamizola yatsopano ya kachewere, ya kamzere kofiira m'khosi. Anachisale anandiyankha kuti, "A Jere, amuna muli ndi gulu lanu lokonza denga, ndipo denga likudontha. Za nyemba sindikuzidziwa ine." Koma maso awo anali pakamzereko, ndipo anaphimba pakamwa ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedezeka. Munthu woiwala saseka choncho.

Lamulo la Irima silinalembedwe, ndipo ndicho chinthu chokha m'moyo wanga chimene ndilibe pepala lake. Mboni yotsala ndi Anachisale okha. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti gulu likhale pansi, Anachisale anene pamaso pa onse ngati mawu amenewa ananenedwa kapena ayi, ndipo ndiyankhidwe tsiku losankha lisanafike. Ndikumbutsenso kuti tikatsata lamulolo mmene linanenedwera, m'gulu lonselo munthu amene ali ndi ulusi m'khosi ndine ndekha. Sindikupempha kuti nyemba za ena zichotsedwe. Ndikungopempha kuti yanga iwerengedwe, ndipo ili kale m'thumba la malaya.