Ndinafunsira mkazi wanga pa nambala yachilendo

Banja langa ndinalipasula ndi manja angawa, popanda mfiti kapena mdani wondithandiza. Ndikulemba izi kuti inu owerenga, makamaka amuna anzanga, musadzayende njira imene ndinayenda ine.

Ndimagwira ntchito yothirira nzimbe ku Dwangwa. Mkazi wanga Esinati ndinakhala naye zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tili ndi ana awiri. Ankalawirira kudoko ku Ngala kukagula usipa maboti akamakocheza, n'kuuyanika pathandala, ukauma n'kukagulitsa kumsika. Ndinamukwatira akuchita kale geni imeneyi. Paja amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma ine ndinayamba kuopa.

Nthenda ya nsanjeyi ndinaitengera kuntchito. Anzanga ankakonda kunena moseka kuti usipa ukasowa, mayi amene wabwerako ndi ndowa yodzaza ndiye kuti sanalipire ndi ndalama zokha. Nyengo ya mwera, maboti ambiri osalowa panyanja, amayi ena ankabwerako chimanjamanja, koma Esinati sankalephera kupezako kangachepe. Sindinamufunse kanthu. Ndinkangomuyang'ana akamadzola mafuta m'mawa, mtima ukundiwawa.

Ndiye ndinaganiza zomuyesa. Ndinagula simu khadi ina n'kuyamba kumulembera mauthenga ngati ndine mwini boti wa ku Ngala. Ndinamuuza kuti ndimamuona tsiku lililonse, ndinatchula ndi chitenje chimene anavala, ndipo ndinamulonjeza usipa waulere akandilola.

Inu owerenga, tsiku lomwelo Esinati anandionetsa uthengawo. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinati mumtima, wandionetsa dala kuti andiphimbe m'maso. Ndinapitiriza milungu itatu. Iye akakana ine ndinkasonkhezera moto, mpaka ndinalemba kuti ndikuidziwa njira imene amadutsa popita kudoko. Anasiya kupitako chifukwa cha mantha. Anayamba kuwonda, chakudya osachifuna, ine n'kumamusisita pamsana, kumuuza kuti Mulungu amulanga munthu ameneyo. Ndikakumbukira mawu amenewa ndimadzida kwambiri.

Geni itaima, mkulu wake anamulimbitsa mtima kuti akadandaule ku komiti ya padoko. Ndinayesa kumuletsa koma anapitabe. Esinati ankaganizira a Jafali, bambo wachikulire mwini boti amene ankamugulitsa usipa, poti ndi okhawo kumeneko amene anali ndi nambala yake. Komitiyo inawaitanitsa pagulu, akazi awo ali pomwepo. A Jafali analumbira, nafotokoza kuti ankamusungira Esinati usipa chifukwa iye sankawathawa ngakhale nthawi imene usipa wachuluka, ogula akuchita kusankha. Kenako anapempha kuti nambala yotumiza mauthengayo ilembedwe pafoni ngati akufuna kutumiza ndalama, poti dzina la mwini nambala limatuluka.

Linatuluka dzina la mayi anga. Ndinalembetsa simuyo pa chiphaso chawo, ndikudziona wochenjera. Mayi anga amakhala ku Kanyenda, foni alibe, ndipo sukulu sanaione khomo.

Esinati atafika kunyumba sanakalipe. Anaika foni pamphasa n'kundifunsa motsitsa mawu, "Bambo a Tadala, kodi amayi anaphunzira liti kulemba?" Madzulo asanakwane anali atalongedza zake ndi za ana.

Ankhoswe anakhala pansi kawiri, akuluakulu a kutchalitchi anayesanso mbali yawo. Ndinagwada pamaso pa amalume ake, ndinalira ngati mwana. Esinati anayankha kamodzi kokha. "Mukanandimenya, ndikanadziwa kuti mdani wanga ndi uyu. Koma ine ndinkathawira kwa munthu yemwe ankandithamangitsayo. Mawa ndikadzaopa china, ndidzathawira kuti?"

A Jafali ndinakawapepesa. Anandilandira mwaulemu, zimene zinandichititsa manyazi kuposa akanandituka. Mayi anga mpaka lero amandifunsa chimene ndinalowetsera dzina lawo m'zonyansa zanga, poti kumudzi ena amakhulupirira kuti iwo ndi amene anandituma kuti ndichotse mpongozi wawo.

Chaka chatha tsopano. Esinati ali kwawo, ndipo anayambiranso geni yake. Ndikamuimbira amayankha za ana basi, zikatha amadula. M'nyumba muno ndimakhala ndekha, ndipo anzanga aja amene ankaseka za usipa ali phee ndi akazi awo.

Inu owerenga, ngati pali chimene chikukudyani mumtima pa za mnzanu, mukhazikeni pansi mumufunse pamaso. Mwina akwiya, koma mkwiyo umenewo umatha. Musamutchere msampha munthu amene amagona tulo chifukwa chokhulupirira inu. Esinati mayeso anga onse anakhoza, koma pakhomo panga sanabwererenso.